Bambo anga ndi a ku Angonia koma akhala ku Ntcheu kuyambira 1986, unzika angaupeze bwanji?

Mwana wa pa Lizulu

Moni nonse. Ndigawireniko nzeru pa nkhani ya bambo anga. Iwowa kwawo ndi ku Domwe, ku Angonia m'dziko la Mozambique, anathawira kuno mu 1986 nthawi ya nkhondo ya Renamo ndi Frelimo, nkhondo itatha mu 1992 anzawo ambiri anabwerera koma iwo anali atakwatira kale mayi anga nde anangokhala pachikamwini mpaka lero. Ana tonse tili ndi ma ID a Malawi, mayinso ali nayo, bambo okha ndi amene alibe. Mu 2017 polembetsa ziphaso za unzika anakana kunama kuti anabadwira kuno, anati mudzi wonse ukudziwa komwe ndinachokera. Pano zikuwapweteka, simu yawo ili m'dzina langa, feteleza wotchipa timadalira dzina la mayi basi, ku banki sangatsegule akaunti. Pepala lomwe ali nalo ndi kakhadi ka ubatizo ka ku mishoni ya kwawo, kanang'ambika mopindamo ndipo amakasunga m'jumbo ya shuga pansi pa sutikesi. Akukalamba ndipo akuti akufuna adzafe ali Mmalawi wa pa pepala. Kodi kukwatira Mmalawi sikokwanira? Tiyambire pati?

NaPhiri wa ku Dedza boma

Achimwene, ukwati paokha supatsa munthu unzika, amayenera kupempha ndithu. Nkhaniyi si ya NRB, iwo aja amangolemba anthu ndi kupereka makhadi, eni ake ndi a Immigration ndipo amene amavomereza pamapeto ndi nduna ya Homeland Security, malinga ndi lamulo la unzika la 1966. Njira zilipo ziwiri. Naturalisation ndi ya mlendo aliyense ndipo imafuna zaka 7 akukhala m'dziko muno, pomwe registration ya anthu a mayiko a Commonwealth imafuna zaka 5, ndipo Mozambique inalowa Commonwealth mu 1995 nde bambo anu mukawafunsire imeneyo. Zina zomwe amaona ndi khalidwe, ngati munthu amatha chilankhulo cha kuno kapena Chingerezi, komanso ngati akufunadi kukhazikika kuno. Izi bambo anu sizingawavute.

Povuta ndi apa, mumvetsetse bwino. Zaka zimene zimagwira ntchito ndi zomwe munthu wakhala ndi chilolezo, osati kungokhala basi. Nde ngakhale akhala kuno kuyambira 1986, choyamba apeze mapepala a kwawo, BI (ID ya kumeneko) ndi pasipoti ya Mozambique, kenako apemphe chilolezo chokhala kuno, cha permanent residence chija, pokhala ali pabanja ndi Mmalawi. Unzika umabwera pambuyo pa zimenezo. Ndipo akadzawavomera adzalumbira komanso unzika wa Mozambique adzausiya, zoti munthu akhale ndi unzika wa mayiko awiri zomwe aphungu anavomereza mu 2018 zija ndi za amene ali Amalawi chibadwire.

Jah B Tsangano

Aaa inu mukuzitalikitsa bwanji, kuno ku Tsangano anthu angati a mbali inayo ali ndi ma ID? Mfumu ingolemba kalata kuti mdalayo anabadwira m'mudzimo basi zatha. Pa Lizulu msewu wa M1 ndi umene uli malire, munthu amagula tomato ku Malawi kabichi ku Mozambique tsiku limodzi, tonse ndife Angoni a Gomani, pa Umhlangano ku Nkolimbo abale a ku Angonia amabwera timavina nawo ngoma limodzi. Nde mdala wa zidzukulu zake azikavutika ndi mapasipoti chifukwa cha mzere umene anajambula azungu?

NaPhiri wa ku Dedza boma

A Jah B, zoti malire anadula mtundu umodzi pakati ndi zoona ndipo zimandiwawa inenso, agogo anga aakazi manda awo ali tsidya la Calomue. Koma musawanamize anzathuwa. Kupereka umboni wabodza polembetsa ndi mlandu, wa bamboyo komanso wa mfumu yosainayo, ndipo kumudzi chinsinsi chimakhala mpaka tsiku lomwe mwakanganirana malire a munda, pamenepo amene akakuneneni ndi mlamu wanu yemwe. Unzika wopeza mwachinyengo boma limatha kulanda. Mwaiwala kuti a Uladi Mussa, amene anali nduna, khoti linawapeza olakwa mu 2020 pa nkhani yopereka unzika ndi mapasipoti kwa alendo mosatsata malamulo? Ngati zinafika kwa nduna, kuli bwanji mlimi wa mbatatesi. Bambowa anakana kunama mu 2017, asayambe lero.

Mkamwini wa pa Biriwiri

Ine ndiyankhe monga munthu amene ndikuyenda njira yomweyi, ndine wa ku Ulongwe wa ku Angonia, mkazi wanga ndi wa ku Ntcheu konkuno, pano ndili ndi chilolezo chokhala ndikudikira zaka zikwane. Kakhadi ka ubatizo kaja musakapeputse, kachotseni m'jumbomo mukachite fotokope lero lomwe, chifukwa pamenepo pali dzina la mudzi, mayina a makolo ndi chaka, ndipo ku mishoni mabuku a ubatizo amasunga. Bambo apite ku Ulongwe ndi m'bale wawo amene ali ndi BI akawachitire umboni, kapena muyambe mwafunsa ku ofesi ya kazembe wa Mozambique ku Lilongwe, ku Blantyre kulinso ina. Dzina lilembedwe chimodzimodzi paliponse, ife a uko timavutika apa, pepala lina João lina Juwawo lina John, fomu imabwerera chifukwa cha zimenezo.

Chinanso ukwati. Ambiri kuno anangopanga chinkhoswe, ankhoswe alipo koma pepala palibe, nde pitani kwa DC kapena kutchalitchi mukatenge setifiketi ankhoswe adakali moyo. Kwa ine anafunanso kalata ya polisi yosonyeza kuti ndilibe mlandu, zithunzi, fotokope ya ID ya mkazi wanga ndi umboni wa momwe ndimapezera ndalama. Ndalama zolipira ndi zambiri ndithu kwa munthu wa kumudzi ndipo mitengo imasintha, mukafunse pa kauntala penipeni ndipo chilichonse mwalipira mutenge risiti ya boma. Anyamata oima panja onena kuti akudziwana ndi bwana aja musawapatse ngakhale 500.

Mwana wa pa Lizulu

Zikomo kwambiri nonse, ndawawerengera bambo zonsezi. A Jah B musakhumudwe koma njira yanuyo akana, akuti sangaike amfumu m'mavuto. Chomwe chikuwaopsa ndi chakuti akakaonekera ku ofesi n'kunena kuti akhala zaka zonsezi opanda chilolezo, sakawagwira n'kuwathamangitsa? Mng'ono wawo alipo ku Domwe ndipo BI ali nayo, tikakolola mbatatesi tipita.

NaPhiri wa ku Dedza boma

Mantha amenewo ndi omveka, nchifukwa chake asayambe kupita okha. Pitani inuyo kaye ku Legal Aid Bureau mukafotokoze mbiri yonse, kuti anabwera mothawa nkhondo, ali pabanja ndi Mmalawi ndipo ana ndi zidzukulu ndi nzika, akuuzeni kalembedwe ka pempholo ndi amene angawaperekeze. Kwa amfumu mukatengeko kalata yonena zoona, yoti akhala m'mudzimo kuyambira 1986 ndipo sanapalamulepo, T/A adindenso. Mupite nayo limodzi ndi setifiketi ya ukwati ija.