Kodi buku la malamulo lochokera ku gemu ya pakompyuta limaseweredwa bwino patebulo?

Wotsogolera Watsopano analemba kuti:

Moni nonse. Ndili ndi anzanga 4 amene timakumana kawiri pamwezi, ndipo onsewo anayamba kukonda nkhani za amatsenga ndi zinjoka kudzera m'magemu a pakompyuta, makamaka Dragon Age: Origins imene kampani ya BioWare inatulutsa mu 2009. Mwezi watha ndinayesa kuwatsogolera pa masewera a patebulo pogwiritsa ntchito malamulo amene ndinalemba ndekha, motsanzira mmene gemuyo imawerengera mphamvu ya lupanga, kulimba kwa chovala chankhondo ndi nthawi imene matsenga amakhala asanathe. Nkhondo imodzi yolimbana ndi adani 6 okha inatitengera pafupifupi maola 2, moti pamene mdani womaliza ankagwa, mnzanga wina anali akuwodzera, dayisi ili m'manja, ndipo pepala langa linali litang'ambika chifukwa chofufuta manambala. Zinandipweteka mtima, chifukwa nkhaniyo ndinaikonzekera kwa masabata 3.

Funso langa ndi ili: kodi mabuku a malamulo amene amalembedwa kuchokera ku magemu oterewa amathetsa vuto limeneli, kapena nawonso amangosamutsira masamu a kompyuta papepala? Ndikufuna kumva maganizo anu ndisanagule.

Wamadayisi Atatu anayankha kuti:

Zikomo chifukwa cha funso lomveka bwino, ndipo musataye mtima. Kompyuta imawerengera zinthu zambirimbiri m'kamphindi popanda wosewera kuziona, koma patebulo nambala iliyonse imadutsa m'mutu mwa munthu pamene ena onse akudikira. N'chifukwa chake buku labwino silitsanzira masamu a gemuyo, koma limasankha zimene zinkakoma poisewera n'kuzipezera njira ina yachidule.

Poti anzanuwo amakonda Dragon Age, mwayi muli nawo, chifukwa kampani ya Green Ronin inatulutsa masewera ake a patebulo, olembedwa ndi Chris Pramas. Poyamba ankatuluka m'mabokosi 3 otsatizana, ndipo mu 2015 anaphatikizidwa kukhala buku limodzi. Chilichonse chimene mtengambali wanu (munthu wa m'nkhaniyo amene mukumuimira) akuyesa kuchita, mumaponya madayisi 3 a mbali 6, n'kuwonkhetsa zimene zatuluka pamodzi ndi luso lake, kenako n'kuyerekeza ndi nambala yoyenera kufikidwa. Dayisi imodzi mwa atatuwo imakhala ya mtundu wosiyana, ndipo imatchedwa Dragon Die. Mukamenya mdani n'kumupeza, madayisi awiri n'kugwa pa nambala yofanana, mumalandira mapointi ofanana ndi nambala ya dayisi yapaderayo, ndipo mumawagwiritsa ntchito pomwepo kugwetsa mdaniyo pansi, kumutayitsa chida, kapena kumumenyanso kachiwiri.

Chimene chimandisangalatsa ndi chakuti zimenezi sizisowa: mwa njira 216 zimene madayisi 3 angagwere, 96 zimakhala ndi manambala ofanana. Choncho wosewera sakhala ndi mndandanda wautali wa maluso oti aziwerengera nthawi yake ngati pakompyuta, koma nkhondo imasinthabe mosayembekezereka. Patebulo pathu ndinaonapo wosewera wamanyazi, amene ankangoti "ndikumenya" basi, ataimirira pampando pamene madayisi anamupatsa mapointi 6, n'kuyamba kufotokoza ndi manja mmene akukankhira mdani m'mphepete mwa mlatho. Magulu a atengambali ndi atatu omwe aja a m'gemuyo: wankhondo, wamatsenga ndi wozembera adani, kotero anzanuwo sadzasochera.

Mkhalakale Patebulo anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi mnzanga amene wayankhayu, koma ndionjezere kuti mabukuwa si ofanana, ndipo mbiri yake imathandiza posankha. Mu 2000 kampani ya Wizards of the Coast inatulutsa Dungeons & Dragons yachitatu (mtundu wachitatu wa masewera otchuka a patebulowa) pamodzi ndi chilolezo chotchedwa Open Game License, chimene chinalola makampani ena kugwiritsa ntchito malamulo a dayisi ya mbali 20. Zitatero, magemu angapo anavekedwa malamulo omwewo: EverQuest inatuluka ngati buku mu 2002, Warcraft mu 2003, kenako World of Warcraft mu 2005. Ubwino wake unali wakuti amene ankadziwa kale Dungeons & Dragons sankavutika kuphunzira. Koma kwa ine, ukawasewera unkamva kuti ukusewerabe Dungeons & Dragons imene yangosintha mayina a malo ndi a mitundu ya anthu.

Palinso nkhani ina imene imayambitsa mikangano. Mu 2011 kampani ya Blizzard, imene inapanga gemu ya Warcraft, inanena kuti zolembedwa m'mabuku a patebulo a Warcraft si mbali ya mbiri yovomerezeka ya dziko la gemuyo. Phunziro kwa inu ndi lakuti anzanuwo amadziwa bwino Thedas, dziko limene nkhani za Dragon Age zimachitikira, mwina kuposa inuyo, ndipo tsiku lina wina adzakuuzani kuti zimene mwanenazo sizinachitike choncho m'gemu. Musanayambe, gwirizanani kuti nkhani yanu ichitikira m'mudzi kapena m'nyengo imene gemuyo sinaonetse, ndipo atengambali otchuka aziwamvera patali.

Ngati gulu lanu silikonda kuwerengera, The Witcher ya patebulo imene R. Talsorian Games inatulutsa mu 2018 muidikire kaye. Imagwiritsa ntchito dayisi ya mbali 10, koma imalondola mbali ya thupi imene yavulala ndi kukula kwa balalo, ndipo zimenezi zimafuna gulu lozolowera.

Woyatsa Moto anayankha kuti:

Ine ndikuona kuti vuto lalikulu si masamu ayi, koma imfa. Pakompyuta munthu akafa amangobwerera pamene anasungira gemu n'kuyesanso, ndipo magemu ngati Dark Souls anamangidwa pa kufa ndi kubwereza komweko. Patebulo, kubwereza nkhondo imodzi kasanu kumatopetsa anthu onse, chifukwa luso la zala limene limakula ukamabwereza pakompyuta silipezeka poponya dayisi. Buku la Dark Souls limene Steamforged Games inatulutsa mu 2022, pa maziko a Dungeons & Dragons yachisanu, limalola mtengambali wakufa kudzukanso pafupi ndi moto ngati mmene zimachitikira m'gemuyo, koma imfa iliyonse ingamuchotsere kanthu pa umunthu wake, kuti kufa kusakhale kwaulere.

Anzanu ozolowera kuyesanso adzathamangira chinjoka mopanda mantha. Auzeni msanga ngati wofa m'nkhani yanu adzabwerere kapena ayi, ndipo ngati adzabwerere, adzataya chiyani.

Wotsogolera Watsopano analemba kuti:

Ndathokoza kwambiri nonse. Ndisankha buku la madayisi 3 lija, ndipo nkhani yathu iyambira m'mudzi umene gemuyo sinautchule, wa mu ufumu wa Ferelden ku Thedas. Za imfa sindinaziganizirepo n'komwe, choncho ndikambirana ndi anzanga tsiku lomwe tizidzapanga atengambali athu. Pepala long'ambika lija ndalisunga, chifukwa kumbuyo kwake kuli mapu a mudziwo.