Kodi n'chiyani chimagwirizanitsa kupalasa kwa cilia?

Wofunsa: Ndikupempha nzeru kwa inu amene munaphunzira za maselo. M'njira zathu za mpweya muli tiubweya tochuluka totchedwa cilia, timene timapalasa kangapo pa sekondi iliyonse pokankhira mamina ndi fumbi kukhosi. Pa maikulosikopu timaoneka tikupalasa motsatizana ngati funde, chikhalirecho palibe mtsempha umene umauza kalikonse nthawi yake. Nanga timamvana bwanji?

Woyankha woyamba: Amene amatimvanitsa ndi madzi otizungulira. Kwa kanthu kakang'ono chotere, madzi amalemera ngati uchi, moti kaubweya kakapalasa kamakoka madzi onse oyandikana nako, ndipo madziwo amakankha kanzake, kufulumizitsa kotsalira ndi kubweza kotsogola, mpaka tonse titagwira liwiro limodzi. Mu 1951 G. I. Taylor, katswiri wa sayansi wa ku Britain, anasonyeza mwa masamu kuti michira iwiri ya umuna yoyandikana imataya mphamvu zochepa ikamagwedezeka mogwirizana. Umboni wooneka ndi maso unadza mu 2014, pamene gulu la Raymond Goldstein ku Cambridge linagwira maselo awiri a ndere ya Volvox, lililonse pa kachubu kakekake kagalasi. Panalibe chowalumikiza kupatula madzi, komabe atawayandikizitsa michira yawo, imene imafanana ndi cilia, inayamba kupalasa pamodzi, ndipo mgwirizanowo unkafooka akamawatalikitsa.

Woyankha wachiwiri: Zimene mwafotokozazi n'zoona, koma tisatamande madzi mopitirira. Ndere ya Chlamydomonas ili ndi michira iwiri imene imapalasa pafupifupi maulendo 50 pa sekondi, ndipo mu 2015 ofufuza a ku Delft, m'dziko la Netherlands, anapeza kuti mphamvu ya madzi payokha ndi yochepa kuti iigwirizanitse. Kumeneko ntchito yaikulu imaoneka kuti ikugwiridwa ndi tiulusi tolumikiza mizu ya michirayo mkati mwa selo.

Wofunsa: Ndathokoza nonse. Koma ngati madzi amakankha tiubweya tiwiri mofanana, kusiyana kwa nthawi yake kungathe bwanji?

Woyankha woyamba: Mwafika pamene pagona nkhani. Tiubweyato tikanakhala touma ngati ndodo, n'kumayenda njira imodzimodzi ndi mphamvu yosasintha, kotsalira kakanatsalirabe mpaka kalekale. Koma kaubweya kamapindika, choncho madzi akakakankha kamapatuka pang'ono panjira yake ndipo liwiro lake limasintha. Komanso kamapalasa kataongoka n'kubwerera katapinda, motero mphamvu imene kamapatsa madzi popita imaposa ya pobwera.