Zowonjezera pa funso la maselo a T mu multiple sclerosis

Munafunsa ngati maselo a CD4 (mtundu wa maselo a T, oteteza thupi) amene timawerengetsa pa nkhani ya HIV ndi omwewo amene amawononga minyewa mu multiple sclerosis, matenda amene chitetezo cha m'thupi chimaukira minyewa yotumiza mauthenga mu ubongo ndi mu msana. Tinayankha kuti inde, ndipo nazi zina zofunika kuzidziwa.

Olakwa kwambiri ndi magulu awiri a maselo a CD4 otchedwa Th1 ndi Th17. Amamatirira ku mitsempha ya magazi ya mu ubongo pogwiritsa ntchito puloteni ya VLA-4, kenako amalowa n'kuyambitsa kutupa komwe kumasenda myelin, chikuta cha minyewa. Koma m'zilonda zimene kutupaku kumasiya, maselo a CD8, mtundu wina wa maselo a T, amachuluka kuposa a CD4.

Mankhwala a multiple sclerosis otchedwa natalizumab, 300 mg pa dripi masabata 4 alionse, amatseka VLA-4. Vuto lake n'lakuti maselo a T amalephera kulowa ndipo ubongo umatsala wopanda alonda, ndiye kachilombo ka JC kangayambitse matenda oopsa a mu ubongo otchedwa PML. N'chifukwa chake madokotala amayamba ayeza magazi kuti aone ngati munthu ali ndi kachilomboka.

Kuno ku Blantyre, munthu akafooka miyendo kapena diso likachita chidima mwadzidzidzi, chonde musangoganiza kuti ndi multiple sclerosis n'kuthamangira mankhwala ochepetsa kutupa a methylprednisolone wa 1 g patsiku kwa masiku 3 mpaka 5. Ku Queen Elizabeth ayambe ayezedwa HIV, chindoko ndi TB ya msana, ajambulidwenso MRI, chifukwa methylprednisolone amakolezera TB yobisika.