Tsamba la ntchito zanu lija: zomwe zakonzeka ndi zomwe zatsala

Munafunsa chifukwa chake tsamba losonyeza mawebusaiti amene munapanga limaoneka lothithikana, ndipo tinakulangizani kuti muchepetse mitundu ya zilembo komanso mupepukitse zithunzi. Talionanso mutasintha. Mafonti (mitundu ya zilembo) anayi aja mwasiya awiri, ndipo tsopano diso likudziwa poyambira.

Chomwe chikutidetsabe nkhawa ndi mawu otuwa aja. Mtundu wotuwa wa #999999 umangosiyana ndi malo oyera pa mlingo wa 2.85 kwa 1, pomwe malangizo a WCAG, othandiza kuti aliyense athe kugwiritsa ntchito mawebusaiti, amafuna 4.5 kwa 1 pa mawu wamba. Munthu wowerenga pafoni ali padzuwa angavutike kuwaona. Ikani mtundu woderapo wa #595959, zilembo zikhale 16px (px ndi muyeso wa pa sikirini), ndipo line-height (kutalikirana kwa mizere) ikhale 1.5.

Vuto lina likuoneka pafoni ya sikirini ya 360px m'lifupi. Tsamba likamatseguka, batani lolembera uthenga likutsetserekera pansi chala chili m'njira, munthu n'kudina pena. Chikuchititsa n'chakuti zithunzi zilibe width ndi height (miyeso ya m'lifupi ndi m'litali), ndiye browser, pulogalamu yotsegulira mawebusaiti, sikuzisungira malo. Chithunzi chikafika chimakankha zonse. Lembani miyeso iwiriyi pa chithunzi chilichonse. Mwachita bwino kuzisandutsa WebP (mtundu wa zithunzi zopepuka), koma loading="lazy", yomwe imachedwetsa chithunzi kutseguka mpaka munthu atayandikira pomwe chili, mwaiikanso pa chithunzi chachikulu chapamwamba. Ichotseni pamenepo, chifukwa ikuchedwetsa chinthu choyamba chomwe mlendo amaona, pomwe chimafunika kuoneka asanakwane masekondi 2.5. Isiyeni pa zithunzi zam'munsi zokha.

Ntchito 14 zachulukabe. Sankhani zisanu zomwe mumanyadira, ndipo pansi pa iliyonse mulembe ziganizo ziwiri: vuto lomwe kasitomala anali nalo ndi momwe munalithetsera.