Mvuu za ku Liwonde zatuluka zakuda pa zithunzi zanga

Nachisale:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Mu Okutobala ndinakwera boti pa mtsinje wa Shire ku malo osungirako nyama a Liwonde, ndipo ndinajambula mvuu ndi njovu ndi kamera ya lens (galasi lokokera zinthu zakutali) ya 70-300mm. Nditafika kunyumba ndinapeza kuti mvuu zonse zada bii ngati miyala pamene madzi akuwala bwinobwino, nkhwazi imene ndinaidikira nthawi yaitali kuti iuluke yangotuluka mbuu, ndipo mapiri akutali sakuoneka n'komwe. Kodi vuto ndi kamera kapena ndine?

Wa ku Balaka:
Mayi, kamera yanu ilibe mlandu. Ikaona madzi onyezimira imayesa kuti kuwala kwachuluka, choncho imadetsa chithunzi chonse, ndipo mvuu, imene ndi yakuda kale, ndiyo imavutika. Kwezani exposure compensation (poonjezera kapena kuchepetsa kuwala kwa chithunzi) kufika pa +1, muone kusintha kwake. Za nkhwazi, boti limanjenjemera injini ikamalira, motero liwiro la shutter (kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera) lisachepere 1/1000 ya sekondi, ndipo ikatambasula mapiko mufunika 1/2000 ngakhale ISO (muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala) itakwera.

Chinanso n'chakuti Shire amayenda kuchokera kumpoto kupita kummwera, ndipo gawo lalikulu la nkhalangoyi lili kummawa kwa mtsinje. Mukajambula njovu za kugombe limenelo m'mamawa, dzuwa limakhala kumbuyo kwawo ndipo mumangopeza mithunzi. Madzulo limakhala kumbuyo kwanu, makwinya a pakhungu ndi matope a pamsana n'kuoneka onse.

Phiri wa ku Rumphi:
Ndikuvomerezana nawo bambo a ku Balaka, koma mapiri aja palibe batani limene likanawabweza. Mu Seputembala ndi Okutobala mpweya umadzaza utsi wa lupsa ndi fumbi, ndipo ndi nthawi yomweyo imene nyama zimasonkhana kumtsinje chifukwa cha ludzu, choncho mlendo ayenera kusankha chimene wadzera. Ngati mukufuna malo okongola, pitani mvula itangosiya, cha mu Epulo kapena Meyi, kapena bwerani kuno ku Nyika, kumene mbidzi zimaima pa zitunda zopanda mitengo, nkhungu ili m'zigwa.

Gogo Kamera:
Chichokereni 2018, pamene mikango inabwezeretsedwa ku Liwonde, alendo ambiri amakakamiza woyendetsa kuti athamange kukaifuna, n'kudutsa malambe ndi njovu zimene zikanawapatsa zithunzi zabwino koposa. Ine ndimanyamula kathumba ka nyemba makilogalamu awiri, ndimakaika pa zenera la galimoto, lens n'kukhala pamenepo, kenaka ndimapempha kuti injini izimitsidwe. Musasinthe lens muli panjira ya fumbi. Ine ndinatero kamodzi, ndipo zithunzi zonse za ulendo umenewo zinali ndi kadontho pamwamba kumanzere.

Nachisale:
Zikomo nonse. Ndabwerera ku zithunzi zija, ndipo zoonadi za njovu zonse ndinajambula isanakwane 8 koloko m'mawa, nditayang'ana kotulukira dzuwa.