Klatchi ikukoka ngakhale nditaifinya, ndiyambire pati?

Akuluakulu, makamaka inu amakaniko, ndithandizeni nzeru. Njinga yanga yamoto ya 150cc yayamba khalidwe lachilendo. Ndikafinya chogwirira cha klatchi mpaka kumapeto n'kuponya giya 1, imagunda kuti gwa! n'kuyamba kukwawira kutsogolo ngati ndaisiya kale klatchiyo. Ndikaigwira ndi buleki, injini imafuna kuzima. Nyutulo ndiye sapezeka injini ikulira, koma ndikangoizimitsa amalowa mosavuta.

Kebulo ndaichuna, mpata wa kunsonga kwa chogwirira uli pa 15 mm, mkati mwa 10 mpaka 20 mm amene buku la njingayi limanena. Oyilo ndi 10W-40 wa JASO MA (mtundu wopangidwira njinga zamoto), ndipo sanapitirire mzere.

Chondizunguza mutu n'chakuti vutoli limakula injini ikatentha. Akanakhala oyilo wolimba ndi kuzizira amene akumatiriza mapuleti a m'kati mwa klatchi, bwenzi likuchepa ndikayendako pang'ono. Ndiye ndikukayikira kuti mwina mapuleti achitsulo anapindika ndi kutentha, kapena basiketi (chitsulo chokhalamo mapuletiwo) inakumbika timizere pamene makutu a mapuleti amagunda, moti sakutha kutayana.

Kodi pali njira yosiyanitsira ziwirizi ndisanatsegule chivundikiro cha klatchi? Ndikatsegula, kugoneka puleti pagalasi n'kuyeza mpata ndi feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera mipata) n'kokwanira? Nanga timizere tapabasiketi tikakhala tosazama, kupala ndi fayilo kumathandiza, kapena kumangokulitsa mpata zinthu n'kuyamba kugogoda?

Wina wandiuza kuti ndiike masipuling'i atsopano, koma sindikukhutira nazo. Masipuling'i ofooka amachititsa klatchi kuterereka, osati kukoka.