Kodi chigamulo cha Garrity chimamuteteza woyang'anira akaidi ngati kalata yati kuyankha n'kosakakamiza?

Moni nonse, makamaka inu odziwa malamulo a ntchito ku America. Ndithandizeni maganizo.

Woyang'anira akaidi pandende ya boma la dera (county) waitanidwa ndi ofufuza a pantchito chifukwa mkaidi anavulala pomugwira. Nkhani yomweyo ikufufuzidwanso ndi oimira boma pa milandu. Kalata yomuitana ikuti kuyankha n'kufuna kwake, koma bwana wake wamuuza pakamwa kuti akakhala chete achotsedwa ntchito.

Pamene pavuta ndi apa. Chigamulo cha khothi lalikulu la America pa mlandu wa Garrity v. New Jersey cha 1967 chimati zimene wogwira ntchito m'boma wanena poopsezedwa kuti achotsedwa sizingakhale umboni pomuzenga mlandu. Komatu chimagwira ntchito ngati anakakamizidwadi. Akasaina kuti wayankha mwakufuna kwake, mawu ake onse angakafike kukhothi, ndipo chiopsezo cha pakamwacho n'chovuta kutsimikizira.

Tapempha kuti lamulo loti ayankhe lilembedwe papepala, sanatiyankhe. Tawerenga mgwirizano wa yuniyoni, ukungolola nthumwi kukhalapo pomufunsa, zofanana ndi chigamulo china cha khothi lomwelo, cha Weingarten cha 1975. Nthumwiyo si loya, ndipo za milandu yatiuza kuti sizidziwa.

Tsono ndikufunsa: akane kuyankha mpaka atalamulidwa molemba, kapena kungonena pa tepi kuti akuyankha mokakamizidwa n'kokwanira? Nanga lipoti limene analemba tsiku la chochitikacho, poti ndi gawo la ntchito yake, Garrity imalikhudza? Amene munayendetsapo nkhani yotere, chonde tiuzeni asanakalowe m'chipinda chofunsiracho.